Chodetsa Mkuwa m'Nyumba ya Serpas

Kodi mukuganiza kuti n'chiyani chingadetse mkuwa kuti bii, katatu konse motsatizana, mwiniwake atautsuka ndi manja ake mpaka kumadzionerapo nkhope? Taganizani kaye, musafulumire. Darryl Serpas wa ku Chalmette naye anaganiza, ndipo iyeyo mkuwa ankaudziwa kuposa ambirife.

Linali Lolemba m'mawa, tsiku lake lopuma ku fakitale yoyenga mafuta, pamene anachotsa chivundikiro cha m'mbali mwa kompyuta yake n'kuima kakasi, sikuludiraiva ili m'manja. Kompyuta imeneyi anailumikiza yekha, ndipo inkazizira ndi madzi. Pampu inkakankha madziwo m'timapaipi toonekera mkati, n'kuwadutsitsa mu buloko ya mkuwa yokhala pamwamba pa purosesa, kachipangizo kotentha kuposa tonse, kenako madziwo n'kunyamula kutenthako kupita nako ku rediyeta, kumene ankazizirira. Buloko imeneyo, yaikulu ngati theka la chikhatho, ndiyo ankanyadira nayo. Masiku khumi ndi asanu ndi anayi m'mbuyomo anali ataipukuta mpaka inangoti waliwali. Tsopano inali yakuda ngati kunsi kwa poto.

Anaikhudza ndi chala. Chalacho chinabwerako ndi mwaye.

"Ayi," anatero ali yekhayekha m'chipindamo. "Ayi, ayi, ayi."

Wina akanati bambo wamkulu akulirira chidole. Koma Darryl sankalirira mkuwa. Ankawerenga masiku, ndipo anali atatsala khumi ndi awiri kuti mkazi wake Noreen abwerere kunyumba.

Zaka zitatu zinali zitatha chichokereni Noreen. Namondwe wamkulu atadutsa m'dera lawo, madzi anakhazikika m'nyumba mwawo milungu iwiri, kufika mpaka kudenga. Noreen, amene mphumu inkamuzunza chiyambire ubwana wake, anakakhala kwa mwana wawo Lacey ku Houston. Anabwerako kamodzi kokha kudzaona. Anaima pakhomo mphindi zisanu, ndipo tsiku lomwelo anamugoneka m'chipatala. Atatuluka ananena mawu amene Darryl anawasunga ngati lamulo: "Bambo a Lacey, ine ndidzabwerera tsiku limene m'nyumbamo mudzakhale mopanda chilichonse cha chigumula. Ngakhale kafungo."

Chotero Darryl anakhala m'kalavani ya boma, kanyumba ka mateyala, pabwalo, n'kumamanga. Anagwetsa zonse za mkati kusiya mitanda yokha ya matabwa. Mitandayo anaitsuka katatu ndi mankhwala ophera chuku. Anaika nthambo zatsopano za magetsi, mapaipi atsopano, makoma atsopano, penti watsopano. Mwezi wathawo anali ataimbira Noreen n'kumuuza ndi pakamwa pake kuti, "Yatha. Ndi yoyera. Bwera." Ndiye kwa munthu wotere, chinthu chakuda chomera chokha m'nyumbamo chinali ndi dzina limodzi basi: chigumula chabwerera. N'chifukwa chake ankapemphera pemphero lachilendo, lakuti wolakwa akhale iyeyo, kuti apezeke kuti waphonya penapake pa kalumikizidwe ka makina akewo.

Anzake a pa intaneti, anthu okonda makompyuta a madzi ngati iye, ankamuthandiza kwambiri pa pemphero limeneli. Buloko itada koyamba, wina wa ku Minnesota anamulembera kuti wathira madzi a pampopi. Darryl anakana, komabe anaitsuka ndi tomato sosi monga amachitira ambiri, n'kugula madzi atsopano. Itada kachiwiri, wina wa ku Oregon analumbira kuti penapake m'njira ya madziwo muli aluminiyamu, chitsulo chimene chimadyana ndi mkuwa. Darryl anayang'ana kanati kalikonse, osapeza kanthu, komabe anasintha rediyeta, anasintha mapaipi, n'kutsuka bulokoyo ndi mandimu ndi mchere. Onse amene ankamuyankha ankatchula madzi. Mankhwala a m'madzi, ndere za m'madzi, dzimbiri la m'madzi. Anthu a madzi amaimba mlandu madzi.

Dzuwa lili pamutu kunamveka kugogoda kwa phazi pachitseko.

"Odi kuno kwa dokotala wa makina! Nyemba zapsa, kapena mwaphikanso zitsulo?"

Anali Clovis Robin, mchimwene wake wa Noreen, msodzi wa nkhanu, amene Lolemba lililonse ankabwera kudzadya nyemba zofiira ndi mpunga kwa mlamu wake. Ankabwera ndi nkhanu m'bokosi la ayezi komanso ndi pakamwa posatopa.

"Khalani pansi, alamu," anatero Darryl. "Yadanso."

"Yadanso? Kachitatu?" Clovis anatsitsa bokosi lija. "Ine ndinakuuzani. Madzi anakudyerani nyumba, anakudyerani galimoto, anakuthamangitsirani mkazi. Inu n'kuwatenga madzi omwewo, kuwagulira pampu, kuwalowetsa m'kompyuta ngati mlendo wolemekezeka. Mumati akuthokozani?"

"Si madzi omwewo. Awa ndi otchezedwa, aja amathira m'batire."

"Madzi ndi madzi, alamu. Onse ndi pachibale. Mbale zili kuti?"

Darryl anali atakhuthula kale madzi a m'makinawo n'kumasula bulokoyo. Anayala thaulo lakale patebulo la kukhitchini. Anaikapo mbale ya viniga wofunda wothira mchere, mswachi wofewa, ndi galasi lokulitsa zinthu. Anamasula timasikuluwu tinayi, n'kunyamula chivundikiro cha pulasitiki. Kamphira kozungulira kamene kamatchinga madzi kuti asadonthe anakaika padera pa sosala, poti viniga amakadya. Atatero anawerama ndi galasi lake pa timizere ting'onoting'ono ta mkati, mmene madzi amadutsa, n'kuyamba kusakasaka mzere ndi mzere.

Clovis ankadya ataima, akumuyang'ana pamwamba pa phewa.

"Mukufuna chiyani mmenemo?"

"Dzimbiri. Ndere. Chilichonse."

"Mwachipeza?"

"Chilimo. Chiyenera kukhalamo basi."

Clovis anatafuna, n'kumeza, n'kuloza ndi supuni. "Alamu, ine sukulu ya makompyuta sindinapiteko. Koma mmene mumayenda madzi anuwo muli psuu ngati m'kamwa mwa mwana. Kwada n'kunjaku. Inu mukusaka wakuba kuchipinda pamene mapazi ake ali pakhonde."

Darryl anadzutsa mutu. Anaika galasi pansi pang'onopang'ono. Anatembenuza bulokoyo n'kupukuta ndi nsalu phala lotuwa limene amapaka pomwe mkuwa umakhudzana ndi purosesa. Pansi pa phalalo panatuluka kabwalo ka mkuwa wowala, kozunguliridwa ndi mdima. Pamene pankakhudza madzi panali poyera. Pamene panaphimbidwa ndi phala panali poyera. Pokhapo pamene pankakhudza mpweya ndi pamene panali bii.

Anakumbukira kuti maulendo awiri oyamba aja anapezamo kauve pang'ono m'timizeremo, kauve kamene kamapezeka mu buloko iliyonse, ndipo anasangalala nako kwambiri moti sanafunsenso china. Milungu yonseyo iye ndi anzake a m'mizinda isanu ankasuzumira mkati mwa chinthu chimene chinkadwala kunja.

"M'boti mwanga mkuwa umabiriwira," Clovis anapitiriza, mawu atatsikako. "Mchere umatero. Wakuda chonchi ndinauona kamodzi, kudambo kuja kumene matope amanunkha mazira owola."

"Muno mulibe fungo."

Clovis anayang'ana m'mbale mwake.

"Alamu, ndati muno mulibe fungo."

"Lilimo," anatero Clovis. "Ngati munthu wangoyatsa kumene machesi. Makamaka kukatentha, mazenera atatsekedwa."

"Kuyambira liti?"

"Chaka chatha."

"Chaka chatha! Osandiuza?"

"Ndimayesa ndinu mumanunkha, alamu! Zaka makumi awiri ndi ziwiri muli kufakitale ya mafuta, mukabwera zovala zanu zimanunkha chimodzimodzi. Ndimangokuchitirani ulemu. Munthu ungauze mwini nyemba kuti akununkha?"

Palibe anaseka. Darryl anakoka mpweya ndi mphuno mwamphamvu, kawiri, katatu. Sanamve kanthu. Mphuno yake inali itafa kalekale pa fungo limenelo, ntchito inaipha.

Clovis anapukuta manja pa thalauza, anapita kukazimitsa magetsi a nyumba yonse, n'kubwerako atatenga sikuludiraiva ya Darryl. Anagwada pakhoma la pabalaza, anamasula soketi, n'kuikokera kunja. M'menemo mumakhala nthambo imodzi ya mkuwa yosavala mphira. Nthambo imeneyo Darryl anaigula yatsopano, anaiika yekha miyezi khumi ndi inayi m'mbuyomo. Inali yakuda ngati ndevu za mphaka wakuda.

"Mayo ine," anatero Clovis chapansipansi.

Anamasula ya kukhitchini. Yakuda. Ya kubafa. Yakuda. Ya kuchipinda chogona, pambali penipeni pa bedi latsopano limene Noreen anali asanagonepo. Yakuda. Anatsegula kabati ya makina oziziritsa nyumba, ndipo mapaipi ake a mkuwa, opindikapindika, anali ngati awawauka pamoto. Darryl ankangotsatira pambuyo ngati mlendo m'nyumba yake yomwe. Pomaliza anakoka yekha dirowa ya kabati ya mbale. Mmenemo anali atayalamo masupuni asiliva a malemu amayi ake a Noreen, amene anawafukula m'matope ndi manja n'kuwapukuta mlungu wathunthu kuti adzamudzidzimutse nawo. Onse khumi ndi awiri anagona pamzere, ofiirira mpaka kuda.

Anakhala pansi pomwepo, pansi penipeni, msana atatsamira kabati.

"Musamuuze," anatero.

"Alamu."

"Musamuuze, ndakupemphani. Zaka zitatu, Clovis. Walongedza kale. Wagula makatani."

"Uja ndi mlongo wanga. Chimene chikudya nthambo ya magetsi, chifuwa chake chingachisiye? Munamuona tsiku lija, milomo ili yotuwa. Inu munali naye m'galimoto."

"Ndikudziwa!"

"Ndiye mukuti nditani? Ndimulandire ndi nkhanu, ndimulowetse, nditseke chitseko?"

Apo mutu wa munthu wa makina unayamba kugwira ntchito, poti unali wokhawo umene unatsala. "Ndipatseni mpaka Lamlungu," anatero Darryl. "Ndichipeze kaye. Ngati ndi matope a pansi pa nyumba, ndiyala pulasitiki, ndithira konkire, masiku anayi ndamaliza. Ngati ndi penti, ndipala. Sindikufuna kumuimbira kuti kuli chinthu, iye n'kufunsa kuti chinthu chanji, ine n'kuti kaya. Akamva kaya sadzabweranso."

"Lamlungu," anatero Clovis. "Mukapanda kuimba inu, ndiimba ine."

Madzulo a tsikulo, dzuwa lisanalowe, anagwira ntchito imene Darryl ankaidziwa bwino: kuyesa chinthu chimodzichimodzi pachokha. Anadula paipi yotsala ya mkuwa m'tizidutswa tisanu ndi kamodzi. Anativiika mu viniga ndi mchere uja, anatikwecha ndi mswachi, anatitsukuluza ndi madzi otchezedwa, n'kutiumitsa mpaka tonse tinawala mofanana. Bulokonso anaitsuka momwemo, mwaye n'kumasungunuka m'mbale ngati inki, koma ulendo uno sanaibwezere m'kompyuta. Anaikulunga m'jumbo n'kumanga kukamwa.

Clovis anabweretsa mabotolo asanu ndi limodzi a kukamwa kwakukulu, aja amasungiramo therere la viniga. Tsono anayamba kusonkhanitsa oganiziridwa. Darryl anakwawa pansi pa nyumba n'kutapa matope ouma a chigumula. Anasema kachidutswa ka mtanda wakale. Anapala penti. Anadula kachigamba ka kapeti, n'kuzula kaubweya kotchinga kutentha ka kudenga.

"Zisanu," anatero Clovis. "Botolo lachisanu ndi chimodzili ndi la chiyani? La misozi?"

"Limenelo ndi la mboni. Poyesa zinthu pamafunika chimodzi chimene ukudziwa kuti n'chosalakwa, kuti uzifanizira nacho zinazo."

Anayang'anayang'ana, n'kupita ku kabati ya zovala kumene kunatsala chidutswa cha bolodi la khoma, choko woyera wokutidwa ndi pepala. M'nyumba monsemo munalibe chinthu chatsopano ndi chaukhondo kuposa chimenecho. Anabenthulako kachidutswa.

"Apo ndiye mwasankha bwino," anatero Clovis, akudziguguda pachifuwa. "Mabolodi anga amenewo. Chigawo chonse chino anthu akulira kuti mabolodi kulibe, ndani anakakupezerani lole yathunthu kudoko? Ndani anawasenza paphewa mpaka msana unakana?"

"Ndinu, alamu."

"Muzinena mokweza."

Panali chinthu chinanso chimene Darryl anaumirira. Anati maso a munthu amaona zimene mtima ukufuna, ndipo mtima wake unkafuna matope. Chotero anatuluka panja, ndipo Clovis anakulunga chilichonse m'kapepala kosefera khofi, kawirikawiri, n'kumanga ndi ulusi wa ukonde, kuti timitolo tonse tifanane. Botolo lililonse analiponyera kamtolo kamodzi, kachidutswa ka mkuwa kamodzi, ndi kathonje konyowa. Anatseka zolimba, anasakaniza mabotolowo mpaka naye mwini anaiwala, n'kupita nawo kushedi yake ya kudoko la maboti, kutali ndi mpweya wa nyumbayo. Anawandandalika pawindo loyang'ana kudzuwa.

Mlungu umenewo Darryl anabwerera m'kalavani, imene inali ikadali pabwalo kudikira kuti eni ake adzaikoke. Kuntchito ankagwira ngati wogwidwa tulo. Anayamba kukumbukira tinthu timene ankatinyalanyaza: kamfuno kamene kankamutuluka m'mawa, kukhosi kokanda, wailesi yakanema yatsopano imene inafa itangotha miyezi isanu ndi itatu. Zonsezo ankati ndi ukalamba, kapena fumbi la kuntchito, kapena katundu wa masiku ano. Pa intaneti wa ku Minnesota uja anali atalembanso, kufunsa ngati anayesako kuthira kachidutswa ka siliva m'madzi. Darryl anawerenga, n'kutseka.

Lachitatu masana, ali pa nthawi yopuma, Noreen anaimba.

"Bambo a Lacey, windo la kukhitchini lija ndi lalitali bwanji? Ndapeza nsalu yachikasu, koma ndikuopa kudula."

Anamuuza muyeso wake. Ankaudziwa pamtima.

"Mwatani? Mawu anu ali ngati a munthu wakumaliro."

"Kutopa chabe."

"Clovis akukudyerani nyemba zonse eti? Mumuuze kuti ndikubwera, ufumu wake watha. Mukudziwa, dzulo ndinayenda mpaka kupaki osapopera mankhwala. Lacey akuti ndanenepa. Ndikufuna ndidzagone pabedi langa, Darryl. Ndatopa kukhala mlendo kwa mwana wanga, kufunsa pamene pamakhala thaulo."

"Ndamva, mayi."

"Mwamva basi? Zaka zitatu mukundinyengerera, lero mukuti mwamva?"

"Ndikukudikira," anatero, ndipo zimenezo zinali zoona. Atadula foni anakhala nthawi yonse yopuma akuyang'ana buledi wake osamuluma.

Lamlungu atatuluka ku Misa sanapite n'komwe kukasintha zovala. Anapeza Clovis ataima pakhomo la shedi, kiyi ali m'manja, chitseko chili chotseka.

"Mwayang'ana kale?"

"Ayi. Chiikireni sindinalowemo. Ndimadutsa chakumbali ngati pamanda."

Mkatimo munali motentha, monunkha dizilo ndi maukonde. Mabotolo asanu ndi limodzi aja anali pawindo, thukuta la madzi lili m'magalasi. Darryl anatenga loyamba n'kuliyang'anitsa kudzuwa. Mkuwa unali wowala. Lachiwiri, wowala. Lachitatu unali utazimirira pang'ono, monga umachitira mkuwa uliwonse pachinyezi, ndipo analiika pambali. Lachinayi sanafunikire n'kulinyamula komwe.

Kachidutswa ka mkuwa kanali mmenemo kanali kofiirira chakumapeto, koderako ngati phiko la khwangwala chapakati, ndipo mbali yoyang'anizana ndi kamtolo inali bii. Masiku asanu ndi limodzi okha.

"Yesu, Mariya," anatero Clovis, n'kuvula chipewa.

Darryl anayang'anabe awiri otsalawo, poti ndi mmene ankagwirira ntchito. Onse anali owala. Anabwerera ku lachinayi, anapotokola chitsekerero, n'kulilozetsa kwa mlamu wake. Clovis ananunkhiza, n'kubweza mutu msangamsanga.

"Ndi lomwelo. Machesi."

Darryl anapendeketsa botolo, kamtolo n'kugwera m'dzanja lake. Kanali konyowa, kopepuka. Anayesa kukapima ndi dzanja, kuti mwina kulemera kwake kamuuze kuti ndi matope, koma sikunamuuze kanthu.

Nthawi yomweyo foni inalira m'thumba la jekete. Noreen ankaimba Lamlungu lililonse akatuluka m'tchalitchi. Clovis anamuyang'ana mlamu wake. Darryl anayankha.

"Mwapemphera, akuluakulu?" anatero Noreen mosangalala. "Kuno wansembe anatalikitsa, mpaka Lacey anayamba kuwodzera."

"Noreen, khala pansi. Pali zimene sindinakuuze Lachitatu."

Anamuuza zonse mwadongosolo, monga munthu wopereka lipoti la ngozi kuntchito. Buloko, katatu. Nthambo za m'makoma. Makina oziziritsa. Fungo limene iye sankalimva. Masupuni a malemu amayi ake aja. Kumbali inayo ankangomva mpweya wa mkazi wake ukulowa ndi kutuluka, ndi kakulira kaja kakang'ono ka m'chifuwa kamene ankakadziwa bwino.

"Munandiuza kuti ndi yoyera," anatero Noreen pomaliza.

"Ndinkadziwa choncho."

"Ndi chigumula?"

"Sindikudziwa. Chili m'dzanja langa, chokulungidwa. Sindinamasule."

"Clovis ali pomwepo?"

"Ndili pano, achemwali," anatero Clovis.

"Ndiye tandiuzani, bambo a Lacey, musanamasule. Ndikufuna ndidziwe chimene ndikupempherera."

"Akakhala matope, ubwera Loweruka lomweli. Ndiwaphimba. Akakhala penti kapena kapeti, uchedwa mlungu umodzi. Ukakhala mtanda wakale, mwina miyezi iwiri. Mwina itatu."

"Palibenso china?"

"Ubweya wa kudenga. Umenewo ndi wa masiku awiri. Chinacho ndinangoikamo ngati mboni, sichiwerengedwa."

"Chabwino. Masulani ndili pompano."

Darryl anapanikiza foni ndi phewa. Ulusi wa ukonde unali utamangidwa mfundo ya asodzi, ndipo zala zake zinalephera. Clovis anatulutsa mpeni n'kudula. Darryl anafunyulula pepala loyamba, kenako lachiwiri.

Anayang'ana. Anayang'ananso. Mawu oyamba amene anatuluka m'kamwa mwake anali a munthu wa makina: "Mayesowa alakwika. Tiyambirenso." Koma ngakhale iye mwini sanawakhulupirire. Mabotolo ena asanu anali pomwepo, mkuwa wake usanade. Clovis anabwerera m'mbuyo mpaka miyendo inagunda ndowa, n'kukhala pandowapo, chipewa chitagwera pansi, pakamwa pali yasa.

"Darryl?" anatero Noreen. "Darryl, ndikumva kupuma kwanu. Ndilongedze kapena ndisalongedze?"

"Usalongedze, mayi."

"Mpaka liti?"

"Sindikudziwa. Iyenera kugwetsedwanso yonse. Chipinda chilichonse, ndi kudenga komwe."

"Yonse? Nanga chigumulacho chinabisala pati, poti munatsuka paliponse?"

"Si chigumula."

"Nanga n'chiyani?"

M'dzanja la Darryl munali kachidutswa koyera mbee, kopanda banga ngakhale limodzi. Chimene chinkadetsa mkuwa anali makoma atsopano a nyumbayo, mabolodi mazana awiri ndi khumi ndi anayi amene iye ndi Clovis anawakhoma ndi manja awo, ndipo choko wake ankatulutsa mpweya wa sulufule, uja wonunkha ngati machesi umene umadetsa mkuwa ndi siliva.